Mthuthuthu Wosadziwa Odi

Lusaka, 9 Meyi 2025

Wokondedwa mng'ono wanga Maureen,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Boaz, kamwana kathu Chipo ndiponso Amama. Ine kuno ndili bwino. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi monga mwa masiku onse, popeza Amama amati uthenga wa pafoni ulibe ulemu, komanso netiweki yanu ija imafuna munthu ayambe wakwera pachulu.

Khala pansi, nkhani ndili nayo ndi yaikulu. Ukudziwa kuti chaka chonsechi ndakhala m'kagulu kolemba mapulani a magalimoto oyendera magetsi, aja osatulutsa utsi. Ntchito yathu ndi kuona kuti malo otchajira aikidwe pati, malamulo ake akhale otani, ndipo aziyang'anira ndani. Anzanga onse maso awo anali pa msewu waukulu basi: Nyimba, Petauke, Katete, Chipata, atha. Ine ndinaimirira n'kuwafunsa kuti kodi mayi wa ku Chiparamba akadwala amapita kuchipatala pa galimoto yanji, si pa mthuthuthu? Ndinalankhula mpaka mawu kusasa, ndipo dzulo avomera. Ayesa malo amodzi akumudzi osinthirapo mabatire a njinga zamoto zamagetsi. Denga lake likhala la masola, ndiye malaiti azime asazime, ife sizitikhudza. Wanjinga afika, asiya batire lakutha, atenga lodzaza, ulendo.

Ndatchula kamunda ka Amama kaja ka m'mphepete mwa msewu wa ku Mfuwe. Malowo akhalabe awo, bungwe lathu lingobwereka. Ndipo pafunika munthu wodziwa njinga woti aziyang'anira malowo. Kodi ku Chiparamba konse alipo woposa alamu anga? Unandiuza pa Pasaka kuti akuganiza zopita kumigodi ku Solwezi chifukwa petulo akuwadyera zonse. Uwauze asamange katundu.

Oyendera malo abwera kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo adzafuna kumva pakamwa pa mwini malo kuti wavomera. Kuli malo enanso ku Chipangali amene tikulimbirana nawo, choncho Amama akangogwedeza mutu molakwika, zonse zipita kumeneko. Uwafotokozere bwinobwino, usathamange monga umachitira. Undiyankhe msanga, tulo sindikuona ndi chimwemwe.

Ndine mkulu wako,
Lettie

Chiparamba, 20 Meyi 2025

Asisi Lettie,

Moni wanu tamulandira, nafenso tili bwino. Nsawa takumba, zachita bwino chaka chino, ndipo thumba lanu lilipo likudikira mwini wake.

Kalata yanu ndinawerenga kawiri, kachiwiri mokweza. Atate ake Chipo anali panja pakhonde, Amama m'khitchini, ine pakati ngati wailesi. Mukudziwa m'mene zilili pano. Chikwatiwire ine, mkamwini ndi apongozi ake sanayang'ananepo kumaso. Anzathu ambiri anasiya kalekale zothawana, koma Amama ayi. Mwayi wake mthuthuthu wa atate ake Chipo umalira ngati chigayo. Ukangomveka kukamlatho, Amama amamanga duku, kunyamula mphasa yawo n'kulowa m'khitchini. Amuna anga akamafika pakhomo, njira ili yeretu.

Atate ake Chipo atamva za mabatire anavina, asisi, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Akuti msuweni wawo Israel wawapezera malo ku Solwezi ndipo akufuna yankho Ogasiti asanathe, koma izi zikatheka sapita. Ine musandifunse. Akazi a amuna opita kumigodi ndimawaona pachitsime m'mene akuonekera, ndipo sindifuna Chipo akule akudziwa atate ake pa chithunzi cha pafoni. Ndikuopa, ndikuuzeni zoona, ndipo kalata yanu ndi imene yandibwezera mtima m'malo.

Amama sanakane. Chimene chinawalemera ndi kamundako. Paja chiwagundire lole Atate pamsewu pomwe paja, khasu silinaponyedwepo, pamangomera tsekera. Kenako anati malo ogona chabe sathandiza munthu, alendowo abwere adzawaone. Funso lawo linali limodzi lokha, lakuti mthuthuthu wopanda thuthuthu tiziutcha chiyani. Muwayankhe ndinu, anthu a mapulani.

Akuti muwatumizire mankhwala aja odetsa imvi, kuli ukwati kutchalitchi mwezi wamawa ndipo safuna kuoneka ngati agogo a mkwati. Chipo akuti juzi yofiira.

Ine mng'ono wanu,
Maureen

Lusaka, 6 Juni 2025

Maureen ndi alamu,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule chifukwa basi ikunyamuka. Mankhwala a Amama ndi juzi ya Chipo zili m'kapepala aka.

Alamu, konzekani. Ndapempha kuti njinga imodzi yoyesera ibwere kwa inu, kuti oyendera malo akamafika apeze anthu aizolowera kale. Ifika ku Chipata Lachinayi likubwerali pa lole ya bungwe, pamodzi ndi mabatire awiri ndi sola yaing'ono yoti muzitchajira kunyumba. Ine ndinaikwera dzana pabwalo la ofesi. Imangotsetsereka ngati mwana pamatope, phokoso palibe, utsi palibe, oilo palibe. Chigayo chanu chija mukhoza kuchipumitsa.

Muziona kuti batire limodzi likukufikitsani pati, makamaka pokwera zitunda mutanyamula munthu ndi thumba. Zimenezo n'zimene tikuzifuna polemba malamulo a kutalikirana kwa malo osinthira. Mundilembere zonse, ngakhale zimene anthu akunena pamsika.

Lettie

Lusaka, 27 Juni 2025

Maureen,

Moni. Kodi kumeneko kwagwanji? Woyendetsa lole anandiuza kuti njinga anaipereka m'manja mwa alamu, ndipo anainyamuka nayo akumwetulira mano onse panja. Chichokere apo, zii. Foni yako siikupezeka, ya alamu imangoitana. Kondakitala ndamufunsa mpaka wayamba kundithawa.

Ngati njinga yaonongeka, nenani, sitimanga munthu. Ngati wina wagwa nayo, ndiuzeni lero lomwe. Kuntchito andifunsa kale kangapo, ine ndikungoti zonse zili bwino. A ku Chipangali ndamva kuti alambula kale malo awo.

Lettie

Chiparamba, 1 Julayi 2025

Asisi,

Tili moyo, palibe wavulala. Njinga ndi yabwinobwino koma pano palibe. Amama akuti isapondenso pakhomo pawo chifukwa ilibe odi. Akutinso za kamunda zija ziyambe zaima. Atate ake Chipo akugona kutauni kwa mnzawo ku Kapata, ndipo ayambanso kutchula Solwezi. Zambiri sindingalembe, manyazi ake andikulira, ndiponso wopita kutauni akundidikira panja.

Maureen

Lusaka, 8 Julayi 2025

Maureen,

Moni, ndipo mtima pansi, ndakonza zonse! Kalata yako itangofika ndinati Amama akunena zoona, ife ndi amene tinalakwa. Njinga singamayende ilibe oda. Tinaitumiza mothamanga popanda pepala losonyeza kuti yaodedwa ndi ndani ndipo yaloledwa kuyenda. Ndinadabwa kuti Amama zimenezi anazidziwira kuti, koma paja samaphonya nkhani za pawailesi.

Sabata yonseyi ndakhala ndikuzungulira maofesi, nsapato mpaka kutha chidendene. Ndapeza oda yake yodindidwa, pepala la inshuwalansi, ndi kalata ya bwana wanga yonena kuti alamu ndiwo oyesa njingayo. Zonse zili mu envulopu iyi. Uwaonetse Amama chidindo chofiiracho, aone kuti si yakuba ndipo apolisi sangabwere pakhomo.

Tsono alamu akuthawiranji kunyumba chifukwa cha mapepala? Uwauze abwerere. Ndipo iwe uzilemba bwino, zilembo zako zimakhala ngati nkhuku yapalasa.

Kuno zinthu zikuyenda. Tagwirizana kuti malo aliwonse akumudzi aziphunzitsa achinyamata a pomwepo kukonza njinga, ndiponso mabatire akutha ntchito azibwezedwa, osatayidwa kudzala. Chatsala n'kukangana za phokoso. Ena akuti njinga zimenezi zizilira pang'ono podutsa pa anthu, ena akuti kukoma kwake ndi kusalirako. Ine ndili kumbali ya osalira.

Lettie

Kapata, Chipata, 14 Julayi 2025

Alamu a Lettie,

Ndapereka moni mwaulemu. Ine ndili bwino m'thupi. Amake Chipo anabwera dzulo kutauni ndi envulopu yanu, ndipo tinaseka koyamba chichitikire zinthuzi, ngakhale kuseka kwake kunali kowawa. Alamu, sanalembe oda. Analemba odi, odi wa pakhomo. Poti iwo akukanika kufotokoza, ndifotokoze ndine mwini mlandu.

Poyamba ndinene za njinga. Alamu, chinthu chija n'chabwino. Kuchoka m'tauni mpaka kwathu sindinaimepo, zitunda imakwera ngati pansi n'pathyathyathya. Anzanga a pasiteji anandizungulira, wina mpaka anagwada kufunafuna paipi ya utsi. Ndinali ndi chimwemwe ngati mwana wovala nsapato zatsopano, ndipo maganizo anga onse anali oti amake Chipo akaione.

Chimwemwecho n'chimene chinandipweteka. Zaka zonsezi sindinkaganiza kuti chigayo changa chija chinkandiitanira odi. Ndinadutsa kamlatho, ndinadutsa mtengo wa mango, ngakhale galu sanadzuke. Pakhonde panalibe munthu, ndiye ndinazungulira kuseri kwa khitchini ndili panjinga pomwepo. Kumeneko ndinapeza apongozi akuothera dzuwa, chitenje chili m'chifuwa, duku palibe, mutu mbali imodzi wakuda ndi mankhwala anu aja, mbali ina imvi mbuu, nzimbe ili kukamwa. Amake Chipo anali kumbuyo kwawo ndi kabulashi. Ndinaima pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Tinayang'anana m'maso.

Mutu unaima. M'malo moti nditsike ndigwade, ndinafuna kubwerera, dzanja linapotokola molakwika, njinga inandiponyera m'khola la nkhunda. Apongozi anathawira m'khitchini, nzimbe ndi duku zinatsala pamphasa. Madzulo anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti iwo sanakulire kuti adzaonedwe chotero ndi mkamwini, ndipo chinthu chozemba ngati njoka sichingakhale pamalo awo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osaimba hutala. Alamu, hutala timaimbira mbuzi ndi ana pamsewu. Munthu ungaimbire hutala apongozi?

Nkhuku yopepesera ndinatumiza, analandira, koma mawu sanabweze. Ine pakhomo paja nkhope ndilibe. Chigayo changa ndinagulitsa kale njinga yanu itangofika, ndiye kubwerera n'kopanda thuthuthu sindingathe. Israel akuti malo aja sadikira. Sindifuna kusiya banja langa, Mulungu akudziwa, koma ngati apongozi akana malo, pano palibe chondisunga. Njinga ndikuisamala, mudzaipeza ili bwino.

Ine mlamu wanu,
Boaz

Lusaka, 19 Julayi 2025

Alamu,

Moni. Kalata yanu ndinawerengera mu ofesi, ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni. Mwana wobadwira ku Chiparamba ine, kuwerenga odi n'kuona oda! Mapepala andilowa m'mutu. Ndipo mankhwala a imvi ndinatumiza ndine, njinga ndinatumiza ndine, mukhululuke.

Tsopano tamverani, musagule tikiti ya ku Solwezi. Pansi pa nyali ya njingayo pali kasipika kakang'ono. Tinakazimitsa potumiza chifukwa ine ndinaumirira kuti phokoso n'losafunika. Kamalira njinga ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo kamalandira mawu aliwonse ochokera pafoni. Ndajambula kuseri kwa pepalali m'mene mungachitire. Anzanga kuno akufuna kazilira kuti pi-pi-pi ngati firiji yosatsekedwa, koma Amama sanadandaule za pi-pi-pi. Anena okha chimene chikusowa. Muikemo mawu anu enieni, ndipo mukweze mpaka pomaliza.

Dzulo pamsonkhano ndinasintha mbali. Ndinawauza kuti kwathu munthu safika pakhomo mwakachetechete, ndipo njinga yosamveka anthu adzaikana ngakhale ikhale yotchipa bwanji. Mayina sindinatchule, musaope, za khola la nkhunda zili pakati pa ife.

Oyendera malo afika Lachisanu pa 1 Ogasiti m'mawa. Ine sandilola kubwera nawo poti malowo ndi a kwathu. Ngati Amama akana, akana, sindiwakakamiza. Koma inu mukapezeke.

Lettie

Chiparamba, 2 Ogasiti 2025

Asisi Lettie,

Moni, moni, tili bwino tonse. Lero ndilemba zilembo zikuluzikulu kuti musapitenso kumaofesi.

Alendo anu anafika dzulo dzuwa litakwera pang'ono, amuna awiri ndi mayi mmodzi. Ndinawayalira mphasa pansi pa mango. Amama anali m'nyumba chitseko chotseka. Ndinalowa kukawapempha, anati mutu ukuwawa. Ndinalowanso, anatembenukira kukhoma. Alendo anayendera kamunda, anayeza, anayamikira kuti dzuwa limafika bwino ndiponso msewu uli pafupi, kenako mayi uja anati popanda mawu a mwini malo iwo apitirira ku Chipangali. Atate ake Chipo osaoneka. Ine ndinkangowathirira alendowo tiyi amene sanapemphe.

Woyendetsa galimoto yawo atatsegula chitseko, tinamva mawu kukamlatho. Poyamba ndinayesa wogulitsa nsomba za kapenta. Mawuwo ankayandikira, ndipo ndinawazindikira.

"Odi. Odi kuno. Odi amama."

Asisi, njinga ikuitana odi ndi mawu a amuna anga, aulemu aja amene amalankhulira kutchalitchi. Ndamva kuti anajambula kambirimbiri m'bafa la mnzawo ku Kapata mpaka eni nyumba kudandaula. Akazi pachitsime anasiya zidebe, ena mpaka anayankha. Atate ake Chipo anafika pa mango, anatsika, anavula chisoti n'kugwada, koma kasipika kanakana kuzima. Munthu ali chogwada, maso pansi, njinga pambali pake ikungoti odi amama, odi amama. Alendo anagwira pakamwa.

Chitseko chinatseguka. Amama anatuluka atavala duku lawo la Chiyanjano cha amayi a kutchalitchi, tsitsi lonse lakuda bwinobwino m'mphepetemu. Sanayang'ane alendo, sanayang'ane ine. Anayang'ana mkamwini wawo.

"Lowani, atate ake Chipo. Mwakhalitsa kutauni."

Sananditume ine, ananena okha. Atate ake Chipo anaomba m'manja, ndipo ine ndinalira pamaso pa alendo osachita manyazi. Kenako Amama anakhala pamphasa n'kuuza alendowo kuti malo atenge, koma njinga iliyonse yodzasintha batire pamenepo izidziwa kuitana. Mayi uja analemba zimenezo, ndinamuona ndi maso anga.

Alendowo sananene ngati atisankha, akuti yankho lichokera kwanuko. Koma atate ake Chipo agona kunyumba, ndipo m'mawa uno amuimbira Israel ali pachulu. Mutiuze msanga.

Maureen

Chiparamba, 17 Ogasiti 2025

Lettie mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, mawondo okha. Kalatayi ndikulemba ndekha, izi sizolembetsa mng'ono wako. Ukapeza zilembo zokhota uwerenge mofatsa, ndamva kuti umathamanga.

Kalata yako yonena kuti atisankha ndaiona. Ndakondwa kwambiri. Anyamata ayamba kale kutchetcha tsekera pakamunda, ndipo anthu akubwera kudzaona ngakhale palibe chimene chamangidwa. Mkamwini ndamumasula mwa mwambo wake. Ndinapha tambala, anadya m'nyumba mwanga, tsopano timalankhulana. Lamulungu lapitali ananditenga panjinga kupita kutchalitchi, tinaika thumba lako la nsawa pakati. Imayenda bwino, chitenje sichinunkha petulo.

Nonse mukuganiza kuti ndinakwiya chifukwa cha imvi ndi nzimbe. Manyazi ndinachita, sindikana, koma manyazi amatha sabata imodzi. Chinandiwawa ndi china.

Atate ako ankayenda pa njinga yakapalasa yopanda belu. Tsiku lija ndinawadikira pakhonde osadziwa kanthu, kufikira anthu anabwera kudzandiuza. Njinga yawo sinkamveka pobwera, choncho sindinamve kuti siikubwera. Mng'ono wako atakwatiwa ndi munthu wa pamsewu womwewo, mtima wanga unali m'mwamba tsiku lililonse. Mkamwini sungamufunse kuti mwayenda bwanji, sungamuuze kuti muziyenda bwino. Ndinali ndi chigayo chake chija basi. Chikalira kukamlatho ndinkadziwa kuti mwana wa eni wabwera wamoyo, ndiye ndinkalowa m'khitchini mtima uli pansi. Inu munkaona ngati ndikuthawa. Kuthawa ndinkathawa ndithu, koma ndinkathawa ndikuthokoza.

Tsono iwe unatumiza chinthu chondilanda makutu. Ndinati ndikavomera malowo, njinga zonse za kuno zidzakhala zotero, ndipo amayi onse a m'mphepete mwa msewu uno tizidzadikira ngati m'mene ndinadikirira ine. N'chifukwa chake ndinakana.

M'malamulo mukulembawo uikemo zimenezi. Utsi chotsani, sitiufuna, unkatitsokomoletsa. Koma munthu wobwera kwawo azimveka akali patali. Anzake a mkamwini akuti aliyense adzaikamo mawu akeake, kuti pakhomo pake azimudziwa.

Ubwere pa tsiku lotsegulira, usatume munthu. Ubweretsenso mankhwala aja, botolo lija linatayika theka tsiku la nkhunda.

Ndikanalemba zambiri, koma dzuwa lapendeka ndipo ndikumva odi kukamlatho. Ndisiyire pomwepa, ndikamuyankhe.

Ndine amako